Plasticina yophika pakhomo, yonunkhira Khirisimasi yakwathu

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, sukulu tatseka. Kuyambira pano mpaka Fevereiro ana ali m'manja mwanu, ndipo ena mwakhala mukundifunsa kuti mwana amene adzayambe kalasi yoyamba chaka chamawa mungamukonzekeretse bwanji. Ine ndimati musathamangire kumugwiritsa pensulo. Yambani mwamupatsa choumba, zala zilimbe, pakamwa pamasuke.

Plasticina ya m'sitolo ndi yodula, ndipo kabokosi kamodzi sikakwanira ana a pakhomo limodzi. Yanga ndimaphika ndekha. Ndinaiphunzira ku IFP pamene tinkaphunzitsidwa kupanga zipangizo zophunzitsira ndi zinthu zopezeka pafupi, koma za fungo ndinawonjezera nditakhala ndi ana angaanga.

Tengani kapu imodzi ya ufa wa tirigu, theka la kapu ya mchere wosalala, kapu imodzi ya madzi, supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ndi masupuni awiri a madzi a mandimu. Sakanizani zonse mumphika musanauteleke, kuti musachite mibulu. Kenako ikani pamoto wochepa n'kumavundula ndi mthiko monga muchitira ndi nsima. Pakangopita mphindi zochepa muona zonse zikusiya m'mbali mwa mphika n'kuunjikana pamthiko. Phulani, dikirani izizire, mukande mpaka isalale. Ikamamata m'manja wazani kaufa, ikamang'aluka dontheza timadzi.

Chilichonse mumphikamo chili ndi ntchito yake. Tirigu ndiye amatamuka. Ufa wa chimanga umangonyenyeka, musavutike nawo. Mchere ndi mandimu zimaletsa nkhungu kubwera msanga. Mafuta amafewetsa. Mukamaliza kusewera, sungani m'chigubu chotseka bwino, chifukwa mchere umakoka chinyezi ndipo nyengo yamvula ino plasticina yosiyidwa pamtunda imachita thukuta.

Tsopano za fungo. Pa intaneti mupeza maphikidwe ambiri a plasticina ya Khirisimasi, koma fungo lake ndi la Khirisimasi ya kumayiko ozizira: paini, canela ndi maswiti a timbewu tonunkhira. Zimenezo ndi zawo, ndipo ana awo akanunkhiza amakumbuka kwawo. Mwana wa ku Angónia kapena ku Macanga pa 25 Dezembro mphuno yake imamva zina. Imamva mango akupsa, dothi lonyowa ndi mvula, nkhuku ikukazingidwa ndi anyezi, mpunga, thobwa, inswa pachiwaya, tiyi wa balacate m'mamawa. Nkhuku sitingaiike mu plasticina, koma zina n'zotheka.

Ine ndimawiritsa masamba a balacate kapena a mandimu, madzi akewo n'kukhala ophikira plasticina. Ina ndimapaliramo makoko a lalanje. Ina ndimathiramo kasupuni ka jinja wopera, ina koko womwera tiyi, amene amaipatsanso mtundu wa dothi. Mtundu wofiirira umachokera m'madzi a chidede, wobiriwira m'masamba a nkhwani osinja n'kufinya, wakuda m'makala opera. Canela ngati muli nayo ikani pang'ono chabe, ana ena imawayabwa pakhungu.

Tsiku lina apongozi anga anandipeza ndikukanda. Atamva kuti si za mandasi anakhala chete kaye, kenako anati, "Amake mwana, ufa umenewu mwagula ndi ndalama kuti ana aziseweretsa? Chakudya saseweretsa, makamaka miyezi ino." Ananena zoona. Kuyambira Dezembro mpaka chimanga chitacha nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, ndipo mwana amene waona ufa ukusanduka chidole angaiwale kuti unachokera m'thukuta la munthu. Ndinawayankha kuti, "Amayi, ndi kapu imodzi yokha, ndipo ana asewera nayo masabata angapo." Anangoti tiona. Madzulo ndinawapeza atakhala pamphasa akuwaonetsa adzukulu kaumbidwe ka mphika, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, monga ankachitira ndi dongo ali mtsikana.

Mawu awo aja ndimawasungabe, n'chifukwa chake ndikuti kwa inu makolo: ngati kapu ya tirigu ija ndi imene ikanakhala chakudya cha m'mawa, idyeni. Pitani kudambo mukakumbe dongo, mulikande ndi madzi owiritsira masamba a mandimu. Tonsefe tinakula tikuumba ng'ombe zadongo, ndipo zala zathu zinalimbira momwemo. Plasticina imangoposa dongo pakuti siuma msanga, imatenga mitundu, ndipo mwana amasewera nayo m'nyumba mvula ikugwa.

Chimene ndimafuna kwenikweni m'masewerawa ndi mawu. Akatswiri a ubongo amatiuza kuti fungo limafika mwachidule ku mbali za ubongo zosunga chikumbukiro ndi mmene munthu akumvera mumtima. Mphunzitsi aliyense angazione yekha. Ndinali ndi mtsikana wina m'kalasi yoyamba amene miyezi iwiri yathunthu ankangogwedeza mutu. Tsiku limene ndinabweretsa plasticina ya balacate anainunkhiza n'kunena mokweza kuti, "Ikununkhira tiyi wa agogo!" Ndinamufunsa kuti agogowo amakhala kuti. Anafotokoza za mudzi wawo, za mbuzi zawo, za kapu yobooka chogwirira imene iye amamwera. Funso la m'buku linali lisanamutulutsepo mawu ochuluka choncho.

Ndiye mwana akamaumba, khalani pafupi muzicheza naye m'chinenero cha pakhomo. Chinyanja chili ndi mawu ambiri a ntchito ya manja: kukanda, kufinya, kutsina, kunyema, kupota, kubulungiza, kuphwatalitsa. Chimasiyanitsa kununkhira ndi kununkha, pamene Chipwitikizi chimati cheirar n'kuwonjezera bem kapena mal. Chili ndi timawu timene ana amatikonda: kufiira psuu, kuda bii, kubiriwira biriwiri, kusalala see, kulimba gwa, fungo kuti guu. Mufunseni kuti, "Iwe, ukaifinya ikumveka bwanji? Ikukukumbutsa chiyani? Ng'ombe yakoyi ikupita kuti?" Musamuyankhire, mudikireni.

Akakhuta kuumba ng'ombe ndi timiphika, mupotereni kachingwe mupange naye a, e, i, o, u. Chilembo chimene wachipinda ndi zala zake sachedwa kuchizindikira pabolodi. Kwa amene akuwerenga kale, umbani ngoma ndi ng'ombe, pansi pake muumbe mayina ake, aone ntchito ya kachizindikiro kakang'ono kaja kamene kamasintha ng kukhala ng'. Chipwitikizi chibwere pambuyo, mwana ali nacho chinthucho m'manja: wanena yekha kuti yofewa, inu mumuuze kuti macia, wati yolimba, inu muti dura. Mawu atsopanowo amakhala ndi pogwira.

Chenjezo lisakusoweni. Fungo labwino limakopa pakamwa, ndipo mchere uli mmenemu ndi wambiri moti ungadwalitse mwana wamng'ono akameza yochuluka. Wosakwana zaka zitatu asasewere nayo payekha. Agalu ndi nkhuku asadye zotsala. Wa chilonda pachala imamuwawa, ayambe wapola. Asambe m'manja asanayambe ndi pomaliza, ndipo ikayamba nkhungu kapena kununkha, tayani.

Mukayesa, mundilembere mawu amene ana anu anena akuumba, makamaka inu a ku Niassa m'mbali mwa nyanja, kumene kalankhulidwe kamasiyanako ndi kathu kuno ku Tete. Ndikusonkhanitsa mawu a fungo ndi a kukhudza kuti ndidzawapachike pakhoma la kalasi tikatsegulira. Tchuthi chabwino kwa nonse.