Fungo timachita kumva



Ndimagulitsa mafuta onunkhira m'tauni kuno ku Bulawayo, chakufupi ndi ku Egodini. Ndimapungulira m'timabotolo ting'onoting'ono kuti ngakhale wa madola awiri apeze kake. Funso la makasitomala anga ndi limodzi: "Kodi amakhalitsa?" Amafuna oti akakwera kombi ya ku Nkulumane, wa mpando wakumbuyo adziwe kuti mwalowa munthu. Oud wa ku Dubai ndiye akuyenda malonda. Sindiwanena, tauni ino ndi ya fumbi ndi dzuwa, ndipo munthu amene watuluka m'mamawa amafuna kufika madzulo akadali waudongo.

Sabata yatha kunabwera mayi ena achikulire ndi botolo lotha la L'Eau d'Issey, lomwe mwana wawo anawatumizira kuchokera ku UK. Ndinanunkhiza chitsekero. Fungo lake linali patali, ngati la mvula imene ikugwa kutsidya kwa mtsinje.

Mafuta amenewa anatuluka mu 1992. Mwini dzina, Issey Miyake, katswiri wa zovala wobadwira ku Hiroshima, anapempha chinthu chovuta: fungo la madzi. Amene anawasakaniza ndi Jacques Cavallier wa ku Grasse, ku France. Nthawi imeneyo anthu anali atazolowera Opium ndi Poison, mafuta oti wodzolayo atachoka kalekale fungo lili m'nyumba. Chaka chomwecho kampani ya ku Japan ya Shiseido inatulutsa Féminité du Bois motsogozedwa ndi Serge Lutens, Mfalansa amene ankagwira nayo ntchito kuyambira 1980. Anali mafuta a akazi, koma phata lake linali mtengo, mkungudza wa ku mapiri a Atlas, osati maluwa.

Ku Japan kuli mwambo wakale wotchedwa kodo. Amakwirira khala lamoto m'phulusa m'kakapu, pamwamba n'kuikapo kachibanthu ka mtengo wonunkhira kochepa ngati njere ya mpunga. Mtengowo suyaka, umangofunda. Kakapuko kamazungulira, aliyense akukaphimba ndi dzanja, kukokera mpweya mwakachetechete. Iwo sanena kuti akununkhiza, amati akumvetsera. Nditamva zimenezi thupi linachita tsemwe, chifukwa nafenso timati "ndikumva fungo". Mawu ake ndi omwewo timanenera kulira kwa ng'oma.

Pamenepo ndinakumbuka agogo anga ku Mulanje. Mafuta a m'sitolo analibe. Anali ndi kabokosi ka mkungudza kogula kwa osema a ku Likhubula, ndipo mmenemo ndimo munkakhala duku loyera la Mvano, chitenje cha ku ukwati ndi buku la nyimbo. Ukakhala pakhomo sukanamva kanthu. Unkachita kugwada pafupi, kuwapatsa moni ndi manja awiri, ndiye kafungo kaja kankakupeza, kozizira ngati mphepo ya chiperoni. Kwa azakhali ku Mangochi kunali lubani: Lachisanu m'mawa ankafukiza zovala pa mbaula, utsi n'kutha, fungo n'kutsalira mu nsalu.

Kwathu fungo linali la amene wakuyandikira mwaulemu. Kuno limayenda patsogolo pako kukakulengeza. Komatu ndisaname, ulendo wapitawu ndinapeza mu msika wa Limbe muli timabotolo tomwe ndimagulitsa kuno, anyamata akukuwa yankho la funso lomwe lija asanafunsidwe n'komwe.

Chimene chimandiwawa ndi mtengo wa kabokosi kaja. Ku Nara, ku Japan, m'nyumba yosungira chuma ya Shosoin, muli chipika chimodzi cha mtengo wonunkhira chotchedwa Ranjatai chimene asunga zaka mazanamazana, ndipo pomwe olamulira anadulapo kachidutswa analembapo mayina awo. Ife mkungudza wa ku Mulanje, womwe unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984 ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse, tinaucheka matabwa mpaka kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phiri monse. Mbande zikudzalidwa, koma mkungudza sukula msanga.

Mayi aja ndinawauza kuti ofanana nawo ndilibe, ndipo sindinafune kuwapatsa oud. Anabweza botolo lawo m'chikwama, n'kunena kuti amalisunga pakati pa zovala.

Usiku womwewo ndinaimbira amayi kufunsa za kabokosi kaja. Akuti kalipo, mahinjesi okha ndiwo anachita dzimbiri. Achimwene amene mukudutsa pa Nyamapanda mwezi wa mawa, mundiuze tsiku, ndikupatsireni mahinjesi atsopano ndi duku langa, likakhalemo mpaka Khirisimasi.