Mwini Filimu Akalankhula Chichewa pa Chitakale

Minibasi yochokera ku Limbe kudzera msewu wa Midima imakutsitsa pa Chitakale usanafike pa boma la Mulanje. Apa ndi pamphambano. Msewu wina umakhotera ku Likhubula ndi ku Phalombe, wina umapitirira kudutsa pa boma mpaka ku Limbuli ndi kuchipata cha Muloza. Ukangoponda pansi akabaza akuzinga, amayi a zinanazi akukuitana, utsi wa pachiwaya uli m'maso. Ine ndinatsika ndi funso limene pamalo ngati ano limamveka la munthu wokhuta: kodi n'koyenera kulipira ndalama zambiri kuti uonere filimu ya ziphona, za mtundu wa Spider-Man ndi Black Panther, pa sikirini yaikulu ya IMAX utavala magalasi a 3D?

Ku Mulanje kulibe IMAX, ndipo m'Malawi monse mulibe. Koma mkangano wake unafika kale. Anabwera nawo ndi anyamata obwerako ku Joni, amene anakalowako m'nyumba za kanema za m'mamolo a ku Johannesburg, ndiponso amene amauwerenga pa Facebook. Ziphonazo nazo zilipo zambiri. Uziona pa malaya a kaunjika, pa zikwama za ana asukulu, ndi pa bolodi la choko la pakhomo pa video show.

Video show suifuna ndi maso, umaitsata ndi makutu. Kuseri kwa mashopu, ukadutsa otchaja mafoni ndi ometa, sipika yopachikidwa pa denga la malata imakhala ikulavula kulira kwa mfuti ndi mawu a munthu wolankhula Chichewa mothamanga. Ndinaitsata mpaka pa kanyumba ka njerwa zosapaka pulasitala, kopanda windo, pakhomo atatchingapo nsalu yakuda yokhuthala. Pa bolodi analembapo ndondomeko ya tsikulo: m'mawa filimu ya karati, masana Avengers, madzulo mpira wa ku England. Mnyamata wa pakhomo anali ndi ndalama zachitsulo ndi zamapepala m'kathumba ka m'chiuno.

"Bwanji achimwene, yayamba kale?"

"Yangoyamba kumene, madala. Lowani, koma mukhale chakumbuyo, kutsogoloko ndi kwa ana."

Ndalama yolowera inali yochepa kuposa ya mbale ya tchipisi ya pachiwaya paja. M'katimo munali mdima ndi kutentha, fungo la thukuta ndi la nzimbe. Mabenchi a matabwa anali m'mizere, ana atakhala pansi kutsogolo, miyendo atapinda, makosi ali chagada chifukwa TV inali pamwamba, m'kabokosi ka zitsulo kokhoma ndi loko. Kumbuyo kunali akabaza opumula, mnyamata wina atatsamiritsa thumba la mapeyala pamwendo, ndi bambo mmodzi wachikulire amene ankaoneka kuti wabwera kudzabisala dzuwa basi.

Filimuyo inali Avengers: Infinity War ya mu 2018. Apa m'pamene funso langa linapeza pogwira, chifukwa filimu imeneyi ndiyo inali yoyamba ku Hollywood kujambulidwa yonse ndi makamera a IMAX. Eni ake anaikonzera sikirini yoti munthu asaone m'mphepete mwake. Sikirini ya IMAX yachikale imakhala pafupifupi mamita 22 m'mbali ndi mamita 16 kupita m'mwamba, ngakhale za m'mamolo ambiri masiku ano n'zocheperako. Chithunzi chakenso chimakhala chachitali: pamene nyumba wamba ya kanema imadula pamwamba ndi pansi, ya IMAX imaonetsa gawo loposerapo ndi 26 pa 100 alionse. Ife tinkaonera zonsezo pa TV yoti munthu mmodzi akhoza kuinyamula m'khwapa.

Zotayika zinalipo, tisanamizane. Nkhondo ikafika ku Wakanda, dziko la Black Panther, pamene magulu a asilikali akuthamangirana pachigwa, ife tinkangoona timadontho tikusakanikirana. Zochitika za mumlengalenga, zimene zili ndi mdima wambiri, zinkangokhala chikuda chokhachokha, ndipo nthawi iliyonse wina akakankha nsalu ya pakhomo kuwala kwa dzuwa kunkafufuta chilichonse mpaka anthu kukuwa kuti atseke. Munthu amene anaionera pa sikirini imene anaikonzera anaona filimu ina, ife tinaona ina.

Koma palibe amene anasochera. Pamwamba pa Chingerezi cha osewera panali mawu a DJ, mmodzi wa anyamata a m'tauni amene amamasulira mafilimu m'Chichewa n'kuwafalitsa kudzera m'mamemori khadi ndi m'mafulashi. Kumasulira kwake si kwa liwu ndi liwu. Amalankhulira mwamuna, mkazi ndi chilombo chomwe, onse ndi pakamwa pamodzi. Amakuuza kuti uyu ndi mlongo wake wa uje, anayambana chifukwa chakuti. Amanyoza wogwa, amachenjeza mwini filimu kuti ayang'ane kumbuyo, nthawi zina amaponyamo nthabwala za ku Ndirande zimene olemba filimuyo sanazilotepo. Filimu ya ziphona zoposa khumi, yodalira kuti unaonera kale mafilimu ena ambiri a Marvel, iye amaiwongola kukhala nthano yoti mwana wa Sitandade 4 aitsate.

Ndipo anaitsatadi. Thanos, mdani wa ziphonazo, atalizitsa zala, ziphona zija n'kuyamba kusungunuka kukhala fumbi, m'kanyumbamo munabuka mkangano. Ana ankakana kuti sizingatheke. Lamulo la mu video show aliyense amalidziwa: mwini filimu safa. Wina kumbuyo ankati DJ wadula mathero, wina ankati pali gawo lachiwiri. Bambo wachikulire uja, amene ndinkayesa kuti ali m'tulo, anangoti mwini filimu ndi Thanos yemweyo, enawo anali aganyu. Anthu anafa nacho chiseko.

Panja ndinakhala pa benchi ya pachiwaya ndi mnyamata wina amene anagwirapo ntchito ku Joni n'kubwerera kwawo kuno. Iye analowapo mu IMAX, ndipo nkhani yake anaigawa pawiri mosafunsidwa. Kukula kwa sikirini ndi kugunda kwa masipika, anati, zimenezo sadzaiwala. Chinthu chikaphulika unkachimva m'nthiti. Koma magalasi anamutopetsa. Chithunzi chinkada, ngati mmene phiri limaonekera tsiku la chiperoni, ndipo potuluka mutu unkamuwawa. Anawonjezeranso kuti Chingerezi cha m'filimumo chinkamuthawa, moti nkhani yeniyeni anadzaimvetsa bwino atabwerera kuno, ataionera ya DJ.

Zimene ananenazi zili ndi chifukwa chake. Kanema wa 3D amaponya zithunzi ziwiri pa sikirini imodzi, china cha diso lamanja, china cha lamanzere, ndipo ntchito ya magalasi ndi kutchinga kuti diso lililonse lilandire chake chokha. Potchingapo, kuwala kwambiri kumatayika. Maso nawo amagwira ntchito yachilendo: amayang'ana pa sikirini imene ili patali pomwe ubongo ukuuzidwa kuti nyundo ya Thor ili pamphuno. Kwa anthu ena ndiye mutu umenewo. Chinanso n'chakuti mafilimu ambiri a ziphona sajambulidwa ndi makamera a 3D ayi. Amajambulidwa mwa masiku onse, kenaka akatswiri a kompyuta n'kudzalekanitsa zapafupi ndi zapatali pambuyo pake. Infinity War yomweyo inadzera njira imeneyi. Chipwirikiti cha 3D chinayamba ndi Avatar ya James Cameron mu 2009, imene anaikonzeradi magalasi kuyambira pachiyambi, ndipo makampani ena ataona phindu lake anangothamangira kukweza mtengo wa tikiti. Pofika 2017 opanga ma TV akuluakulu monga Sony ndi LG anali atasiya kupanga ma TV a 3D. Christopher Nolan, amene anajambula mbali zina za The Dark Knight ya mu 2008 ndi makamera a IMAX, mafilimu ake a Batman sanawatulutse mu 3D n'komwe. Choncho sikirini yaikulu ndi magalasi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale ogulitsa matikiti amakonda kuzimanga mtolo umodzi.

Kuchoka pa Chitakale kupita pa boma ndi mtunda woyenda pansi. Minda ya tiyi imafika mpaka m'mphepete mwa msewu, yosalala ngati yometedwa, ndipo kuseri kwake phiri laima chilili, mathithi akuoneka ngati timizere toyera pamatanthwe. Ndinkayenda ndikuganiza za ana aja okana kuti chiphona chingafe. Ana omwewa akukula patsinde pa phiri limene nsonga yake, Sapitwa, ili pa mamita 3,002, ndipo agogo awo amawauza za mizimu ya kumeneko, za chakudya chimene munthu amachipeza chitakonzedwa kale m'nkhalango koma osayenera kuitanira mnzake. Amamva za Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula miyala ndi madzi. Anthu a ku Phalombe anamutchula mu Marichi 1991, ndipo dzinali linamvekanso mu Marichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anakokolola midzi m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira. Nkhani zoti n'kupangira filimu ya zamphamvu zodabwitsa zili pakhomo pomwe. Amene adzaijambule sadzasowa oonera pa Chitakale, ndipo DJ sadzafunika.

Si kuti Amalawi sitinayandikirepo. Mu Black Panther ya mu 2018, mmodzi wa akuluakulu a bwalo la mfumu ya Wakanda anali Connie Chiume, mayi wa ku South Africa amene bambo ake anali Mmalawi wa ku Nkhata Bay. Anamwalira mu Ogasiti 2024. Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise. The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, nkhani ya William Kamkwamba, anaijambulira ku Kasungu ndipo Chichewa chili m'kati. Koma pa mabolodi a choko amene ndinadutsa tsikulo sindinaonepo ngakhale imodzi mwa izi.

Pa boma, pafupi ndi msika, ndinaima pa kashopu ka mnyamata woika mafilimu m'mafoni. Kompyuta yakale, chingwe, mzere wa makasitomala atagwira mamemori khadi. Uyu ndiye akudya msika wa video show, osati IMAX. Munthu akalipira kamodzi amakaonera kunyumba, pa sikirini ya m'manja, banja lonse mitu itagundana. Eni mavideo show akupulumukira mpira, chifukwa masewero a Loweruka ndi Lamulungu sungawaike mu memori. Zoti mafilimuwa amakopedwa popanda chilolezo cha eni ake aliyense amadziwa, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene wojambula filimu wa kuno amavutikira kubweza ndalama zake.

Ndili pomwepo magetsi anathima. Kompyuta inazima, mzere unabalalika, ndipo chapatali jenereta ya video show ina inayamba kutsokomola. Dziko lino wailesi yake yoyamba ya kanema inatsegulidwa mu 1999. Akuluakulu a kuno amakumbukira galimoto za boma zimene zinkabwera ndi kanema kudzaonetsa pabwalo usiku, mudzi wonse utakhala pa udzu. Chithunzi chachikulu choonera pamodzi si chachilendo ku Mulanje. Chinangosowa wochisamala. Ngakhale nkhani ya magetsi ili ndi poyambira: ku Bondo, m'mbali mwa phiri lomweli, bungwe la MEGA limapanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya n'kugawira midzi yozungulira.

Tsono yankho langa ndi ili. Mukapezeka ku Johannesburg, ku Eastgate kapena ku Mall of Africa, ndipo filimu imene ikuonetsedwa anaijambuladi ndi makamera a IMAX, lipirani kamodzi mukaone kukula kwake, pakuti chimenecho TV ya m'kabokosi singakupatseni. Ngati pali mwayi wosankha, sankhani yopanda magalasi. Ndalama yowonjezera ya 3D pa filimu ya ziphona imagula mdima ndi mutu. Ndipo kwa amalonda a pa Chitakale, pa Limbuli ndi pa Nkando amene muli ndi kangachepe: gulani pulojekita yabwino, pakani khoma limodzi laimu woyera, ikani sola ndi mawindo otsekeka olowetsa mpweya, ana muziwabweza nthawi ya sukulu, ndipo tsiku limodzi pa sabata muzionetsa filimu ya Chimalawi mutagwirizana ndi mwini wake. Oonera alipo kale, ndinawasiya akukangana za Thanos.