Bulangete la amalume pa makina osefa magazi

Ambiri a pa mzikiti mwakhala mukufunsa za amalume athu, ndipo ena munasonkha nawo ndalama ya thiransipoti, choncho ndi bwino tikuuzeni momwe zilili. Impso zawo zinaleka kugwira ntchito atadwala shuga ndi BP kwa zaka zambiri. Panopa akukhala kwa achibale ku Lilongwe, kufupi ndi Kamuzu Central Hospital, kumene amapita kawiri pa sabata kukasefetsa magazi pa makina a dialysis. Kuchoka pano pa Boma ndi makilomita opitirira 400, ulendo umene wodwala sangamayende sabata ndi sabata.

Masabata oyamba anali owawa. Amalume ankayamba bwinobwino, akucheza ndi anzawo a pa mabedi oyandikana, koma pofika ola lachitatu thukuta linkayamba, chizungulire, nseru, miyendo kukokana. BP yatsika. Anamwino ankathamanga, kuwakweza miyendo, kuwapatsa madzi a mudiripi, ndipo masiku ena ankangozimitsa makina nthawi isanakwane. Ife tinkaona ngati kuzimitsako ndi mpumulo. Sitinkadziwa kuti madzi amene sanachotsedwe akubwerera nawo kunyumba, ndipo ndi omwewo ankatupitsa mapazi ndi kuwabanikitsa usiku mpaka kugona chokhala.

Tsiku lina pa holide tinawapeza akunjenjemera, mano akugundana, kunja kukutentha. Tivomereze kuti tinakwiya. Mumtima tinali titaweruza kale kuti makinawo awonongeka ndipo palibe akusamala. Tinapita kwa namwino ndi nkhope yokwinya.

"Bambo, bwerani muone," anatero, akuloza manambala pa makina. Panalembedwa 35.5. "Kale tinkawaikira 37. Adokotala anena kuti tizizitseko madziwa kuti BP isamagwe. Ngati akuzizidwa, abweretsereni bulangete."

Tinachita manyazi, ndipo chichokereni tsikulo takhala tikufufuza kuti kuzizira kukugwirizana bwanji ndi BP. Ana a Fomu 3 ndi 4, apa tcherani khutu, chifukwa ndi bayoloje yanu yomwe ija. Magazi amatuluka m'thupi kudzera m'kapaipi n'kulowa mu sefa. Mbali ina ya sefayo mumayenda madzi oyera osakaniza ndi mchere wosiyanasiyana, ndipo zoipa za m'magazi zimawolokera m'madziwo. Makinawo amachotsanso madzi amene impso zinalephera kutulutsa ngati mkodzo, mwina malita awiri kapena atatu m'maola anayi okha. Madzi akamachoka mofulumira chotere, magazi a m'mitsempha amachepa, ndipo thupi limayenera kufinya mitsempha kuti mtima ndi ubongo zisasowe magazi. Vuto ndi lakuti magazi akabwerera m'thupi ali ofunda, thupi limatentherapo pang'ono, ndiye limatsegula mitsempha ya pakhungu kuti litaye kutenthako. Likutsegula pa nthawi imene limafunika kutseka.

Zimenezi aliyense wa pano pa Rumphi anaziona ndi maso. Kumbukirani wudhu wa Swala ya Fajr mu June, mphepo ikuchokera ku Nyika. Zala zimayera ndi kuuma chifukwa mitsempha yafinyika, magazi athawira m'kati. Madzi a makina akazizitsidwa ndi digiri imodzi kapena imodzi ndi theka, thupi limachita zomwezo pang'ono chabe, ndipo BP imagwira.

Njirayi si yatsopano. Dokotala wa ku Italy, Maggiore, ndi anzake anailemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Chimene chimatisangalatsa ife ndi chakuti siifuna mankhwala kapena ndalama ina iliyonse. Ndi kungosintha nambala pa makina, ndipo m'dziko lathu lino chithandizo chaulere chotere n'chosowa.

Koma tisakuuzeni mbali imodzi yokha. Ku Ontario, m'dziko la Canada, anachita kafukufuku wamkulu wotchedwa MyTEMP, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Anatenga malo ochitira dialysis okwana 84, odwala opitirira 15,000. Malo ena ankazizitsa madzi kwa wodwala aliyense, ena ankawasiya pa 36.5. Patatha zaka zinayi, imfa ndi kugonekedwa m'chipatala chifukwa cha matenda a mtima sizinasiyane kwenikweni, ndipo amene anachuluka ku mbali yozizirayo ndi odandaula kuzizidwa. Titawerenga zimenezi tinakhumudwa, tinkafuna kumva kuti njirayi imatalikitsa moyo. Momwe tikumvera ife, kuzizitsa kwa aliyense kulibe phindu looneka, koma kwa munthu amene BP yake imagwa kawirikawiri pa makina, monga amalume, adokotala amatha kuyesa n'kuona ngati zikumuthandiza. Wosankha ndi dokotala, osati ife achibale oimirira pakhomo.

Namwino uja anatiuzanso china chimene chinatikhudza ife eni. Wodwala akabwera ndi madzi ambiri m'thupi, makina amayenera kukoka mwamphamvu, ndipo BP imagwa msanga. Mchere ndi umene umabweretsa ludzu. Apa mlandu unali wathu, chifukwa ndife tinkatumiza usipa wouma wothira mchere ndi tchipisi cha m'mapaketi, poganiza kuti tikuwasangalatsa. Tinasiya. Azakhali tsopano amaphika ndiwo za amalume mu poto wakewake, ndipo madzi a tsiku lonse amawayezera m'botolo limodzi. Amalume amadandaula kuti ndiwozo n'zosakoma, ndipo akunena zoona.

Alhamdulillah, masiku ambiri tsopano amamaliza maola onse anayi. BP imagwabe nthawi zina, ndipo kuzizira sanakuzolowere. Sabata yatha anaimba foni kuti bulangete limene tinawagulira n'lopepuka, akufuna lija lolemera la kunyumba kuno, pamodzi ndi chipewa chaubweya ndi masokosi. Tazimanga kale m'chikwama. Ngati alipo wa pa mzikiti amene akupita ku Lilongwe tisanatsekere teremu ino, atipeze ku ofesi ya aphunzitsi.