Nsanja Nayonso Imalema

Makolo anzathu ndi inu achinyamata, nsanja imodzi ya lamya imatumikira anthu ambiri, ndipo onsewo amagaŵana mphamvu yake. Tikachulukana madzulo mauthenga amachedwa, ngakhale a munthu amene ali ndi wodwala. Koma lamya ikalumikizidwa ku Wi-Fi yodzera m'chingwe, katundu wake sadzeranso pansanjapo.

Yetero analangiza Mose kuti milandu yaing'ono asiyire amuna ena okhulupirika, kuopa kuti angalefuke pamodzi ndi anthu ake. Ifenso timauza ana athu kuti makanema ndi mabuku aakulu azikatenga pamene pali Wi-Fi imene aloledwa kugwiritsa ntchito. Kudikirako kumawaŵaŵa, komabe potero tisunga ndalama za data, ndipo mnansi wathu apeza njira yotseguka.