Ndani walemba chiyani m'gulu?

Mwa ntchito zonse za uphunzitsi, yomwe imandisowetsa mtendere ndi kuchonga ntchito ya pagulu. Ana asanu amabweretsa pepala limodzi, ine n'kuwapatsa malikisi ofanana, pamene ndikudziwa kuti wina wakhetsa thukuta, wina wangolembetsa dzina. Vutoli linakula sukulu za mu Zimbabwe zitatsekedwa pa 24 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Kuno ku Chitungwiza, kuyambira ku Zengeza ndi St Mary's mpaka ku Seke, kalasi inasamukira pa WhatsApp, poti bandulo yake ndi yomwe makolo ankakwanitsa kugula. WhatsApp inatithandiza, sindikukana, koma si nkhokwe: ndime yabwino ya mwana imakwiririka pansi pa mauthenga ambirimbiri, ndipo tsiku lochonga likafika sudziwa kuti yomaliza ndi iti.

N'chifukwa chake ndimaumirira wiki, njira yomwe Ward Cunningham anayambitsa mu 1995. Gulu lonse limalemba pa tsamba limodzi, aliyense n'kumawonjezera kapena kukonza za mnzake, monga zimakhalira pa Wikipedia. Koma chomwe ine ndimafuna chili kuseri kwa tsambalo. Kumeneko kumasungika dzina la amene wasintha, tsiku, ola, ndi mawu enieni amene wachotsa kapena kuikamo. Ganizirani za CALA, ntchito ya ana yochongedwa chaka chili mkati, yomwe kuyambira mu 2021 inkatenga malikisi 30 pa 100 aliwonse a mayeso a ZIMSEC. Madandaulo anali ponseponse kuti makolo akulembera ana, ena akugula ntchito yomalizidwa kale, ndipo mu 2024 boma linaisiya n'kubweretsa mapulojekiti a pasukulu. Pepala lotayipidwa bwino ndi kusindikizidwa pa Town Centre ya ku Chitungwiza silinena komwe lachokera. Tsamba lomwe lakula pang'onopang'ono kwa masabata atatu, lokhala ndi zolakwa zomwe ana akonzerana okha, limandionetsa maganizo akuyenda. Ndime khumi zikatulukira usiku umodzi, ndimadziwa woti ndimufunse.

Anzanga amati bandulo ya WhatsApp sitsegula wiki, komanso magetsi amazima tsiku lonse. Zimenezo n'zoona, ndipo mphunzitsi wozinyalanyaza amalanga umphawi. Komabe mawu okhaokha sadya data ngati kanema wa pa Zoom, ndipo wiki sifuna kuti onse akhalepo nthawi imodzi. Mwana amene mayi ake amapita ndi foni ku Harare m'mamawa n'kubwera nayo kutada, atha kulemba ndime yake m'kope masana, usiku n'kuikoperamo.

Chitsutso chomwe chimandigwira mtima ndi china: wolemba zambiri si ndiye woganiza kwambiri, ndipo ana atatu obwerekana foni imodzi angaoneke ngati munthu mmodzi. Apa ndimavomereza kuti mbiri ya tsamba ingakusocheretse ukamaiwerenga ngati sikelo yoyezera chimanga. Ine ndimaonetsetsa kuti mwana aliyense akulowa ndi dzina lake, ndipo amene wakonza chiganizo chimodzi chomwe chinapotoza mfundo ndimamupatsa malikisi oposa amene wadzaza tsamba ndi zokopera. Ndikakumana ndi mwana, kapena pa foni, ndimasankha ndime yomwe analemba mnzake, n'kumuuza kuti andifotokozere chifukwa chake anaisiya momwemo.