Kwa mwana wanga wa Fomu 2, za kontena yobwerera yodzadza

Mwana wanga,

Masiku ano kontena yako ikumabwerera kunyumba mbatata ili momwemo, mtedza wosakhudza, koma zala zako zili psuu ndi utoto wa majigisi. Mbatatayo umaikonda, pakhomo pano umatha mbale. Chakuvuta ndi maso a anzako pa nthawi ya buleki, aja otulutsa ndalama n'kuthamangira kuchiwaya kukagula tchipisi. Ndikumvetsa. Pa msinkhu wakowo kusekedwa kumawawa kuposa njala.

Komatu uli kupulayimale unalibe manyazi amenewa. Unkanyamuka m'mamawa kapu yapulasitiki ili m'manja, kukaima pamzere wa phala. Phala lija, la ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya, a Mary's Meals anayamba kuligawa kuno ku Malawi mu 2002 kwa ana 200 okha, ndipo lero ana oposa miliyoni imodzi amalimwa. Amayi odzipereka amadzuka kusanache kukasonkha moto pansi pa mapoto aakulu aja, popanda malipiro, chifukwa akudziwa kuti mwana wanjala samva za aphunzitsi. Ndiye iwe, wokhala ndi chakudya m'chikwama, uzikhala ndi njala mwadala?

Majigisi sindikuletsa, nanenso firizi ndimayamwa kukatentha. Koma kapaketi kaja ndi mphepo, mchere ndi mafuta basi. Ukadya 10 koloko, pofika 11 m'mimba muli kulira, mutu uli waa, masamu akungodutsa. Mbatata imakhalitsa m'mimba chifukwa imagayika pang'onopang'ono, ndipo yofiira mkati ija ili ndi vitamini A wothandiza maso. Pa magulu 6 a zakudya amene munaloweza mkalasi, undiuze gulu limene jigisi akukupatsa.

Pali china chimene sindinganene pamaso pa abambo ako. Tsopano wakula, ndipo mwezi uliwonse thupi lako limataya magazi. Kuti abwerere pamafunika ayironi, yemwe amapezeka mu nyemba, bonongwe, usipa ndi chiwindi. Gwafa kapena malambe zimathandiza thupi kumuyamwa, pomwe tiyi womwera pa chakudya amatchinga. Atsikana ena amene amachita chizungulire pa asembule, anthu n'kumanong'onezana zina, vuto lawo limangokhala kuchepa kwa magazi. Ndamvanso kuti ena mwa anzako akumadumpha nkhomaliro dala kuti aonde. Zimenezo usayerekeze, mafupa ako akadali kukula.

Ngati chikukuchititsa manyazi ndi kontena yakale ija ya majarini, nena, tigula ina yooneka bwino. Ngati mbatata yakukola, tisintha: chigumu, dzira lowiritsa, chinangwa, nthochi, thobwa wam'botolo. Loweruka tipitire limodzi kumsika, ukasankhe wekha. Chokhacho, zimene wasankhazo uzikadya pagulu, osati kuseri kwa kalasi.

Ndine,
Mayi ako