Ulendo wa ku Furancungo kukaona mwana wa amayi

Ndinanyamuka ku Dedza mbandakucha, chisanu chili tho, m'chikwama muli buku la Nyimbo za Mulungu lomwe amayi anga ankapita nalo ku Chigwirizano. Asanatisiye anandiuza kuti, "Bukuli ukapatse mng'ono wako wa ku Furancungo." Ku Mozambique ndilibe m'bale wa bere limodzi, komabe panalibe anafunsa kuti akunena yani.

Awerengi achikulire mukukumbukira chaka cha 1986 pamene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inafika poipa m'chigawo cha Tete. A ku Tsangano anathawira ku Ntcheu, a ku Angónia ndi Macanga analowa ku Dedza ndi Lilongwe, ndipo pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi anali ataposa 1 miliyoni. Kwathu kuno ambiri anakhala nafe m'midzi momwemu, pakuti chiyankhulo n'chimodzi, a Phiri ndi a Banda ali mbali zonse za malire. Pakati pawo panali kamnyamata ka zaka 7 komwe kanasiyana ndi makolo ake pothawa. Amayi anakapeza pakhonde la tchalitchi nabwera nako kunyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo ine ndi iye tinkagona mphasa imodzi.

Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu anayamba kubwerera kwawo. Mu 1994 amalume ake anabwera kudzamutenga, amayi analira ngati pagwa maliro. Koma sanamutaye ayi. Akagulitsa kachewere ankapatula ndalama ya makope ndi yunifolomu, n'kupatsira anthu a njinga opita kukagula chimanga kutsidyako. Kalata yoyankha inkatha miyezi iwiri ili m'njira.

Njira yomweyo ndiyo ndinatsata. Nditawoloka chipata cha Dedza ndi Calómuè ndinakwera chapa mpaka ku Ulónguè, kenako ina yodzera ku Domué, phiri lija likuonekera patali. Mbali zonse za msewu kuli minda ya chimanga, nyemba ndi soya, ndipo mukamayandikira ku Macanga zigafa za fodya zimachuluka, popeza bomali ndi limodzi mwa maboma olima fodya kwambiri m'Mozambique. Furancungo ndiye likulu lake. Dzina la Macanga linachokera ku ufumu wa Makanga wa banja la Pereira, womwe Apwitikizi anaugonjetsa mu 1902. Pamsika sindinavutike, malonda onse amachitika m'chiyankhulo chathu chomwechi, Chipwitikizi ndinachimva kwambiri cha ku maofesi.

Kuthandiza mwana wa dziko lina si chinthu chachilendo kwa Akhristu. Bungwe la World Vision, lomwe Bob Pierce analiyambitsa mu 1950, linayamba ndi ana amasiye a nkhondo ya ku Korea. Banja la kutali limapereka ndalama mwezi ndi mwezi, limalandira chithunzi ndi kalata ya mwanayo, ndipo ndalamazo zimagwira ntchito ya mudzi wonse monga mijigo ndi sukulu. Ambiri a mabanjawa amafika pokalamba osamuona mwanayo maso ndi maso. Ife tinali ndi mwayi, wathu anali pafupi. Pa njala ya 2002 anatulukira pakhomo ndi matumba awiri a chimanga panjinga, miyendo itatupa ndi ulendo. Akuluakulu sananame, kupatsa n'kuika.

Ndinamupeza ali m'chigafa akusankha fodya, imvi zitayamba kale. Nditamupatsa bukulo anatsegula, anaona dzina la amayi lolembedwa ndi dzanja lawo, anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Achimwene, bwanji simunanditumire mthenga? Ndikanabwera ngakhale wapansi." Ndinasowa choyankha. Nambala yake ya foni inatayika limodzi ndi foni yanga yakale, ndipo kwa zaka zisanu ndinkangoti ndipita mawa.

Chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti mwana wake woyamba, yemwe anamutcha dzina la amayi, anandipatsa moni wa mlendo. Sankadziwa kuti ndine atate ake aakulu. Usiku umenewo tinadya nsima ya nyemba, tinayimba nyimbo za m'buku lija, ndipo tinapangana kuti akagulitsa fodya adzabwera ndi ana onse kudzamanga chiliza cha agogo awo.

Inu amene munasunga mwana nthawi ya nkhondo, ndi inu amene munasungidwa, kuchoka ku Dedza kukafika ku Furancungo ndi ulendo wa tsiku limodzi. Pitani akuluakulu odziwa nkhaniyi akadali moyo, ndipo popita mutenge ana.